Kodi Pakamwa pa Womangidwa Ndi Mboni Yokwanira? Maganizo pa Mlandu wa ku Chiradzulu

Kuchiyambi kwa chaka cha 2000 anthu a m'boma la Chiradzulu adakhala ndi mantha aakulu. Amai ankaphedwa mmodzimmodzi, ndipo mitembo yao inkapezeka itachotsedwa ziwalo zina. Inali nyengo ya dzinja, pamene chimanga chatalika ndipo tinjira ta kumunda ndi ta kuchitsime tabisika, komabe mai sangaleke kukapalira kapena kukatunga madzi chifukwa choti akuwopa. Dziko lonse linkafunsa kuti wakupha ndani. Pambuyo pake anthu atatu adazengedwa mlandu wakupha amai asanu ndi mmodzi ku Bwalo Lalikulu, pamaso pa woweruza ndi gulu la anthu wamba lotchedwa jury. Mmodzi adapezeka wosalakwa, aŵiri adalamulidwa kuti anyongedwe. Aŵiriwo, Bokhobokho ndi Jonathan, adachita apilo, koma mu Okutobala 2001 Bwalo Lalikulu la Apilo lidaikana.

Cholinga changa pano si kuzenganso mlanduwo, kapena kunena kuti uje adalakwa, uje sadalakwe. Imeneyo ndi ntchito ya mabwalo. Ine ndifuna kuyesa mfundo imodzi yokha imene chigamulo cha 2001 chidatsamirapo, pakuti mfundoyo ikukhudza aliyense amene tsiku lina angadzagone m'chitokosi. Pa mlanduwo padaŵerengedwa mau ovomera mlandu olembedwa kupolisi, ndipo dandaulo linali lakuti mauwo adatuluka chifukwa cha kumenyedwa. Bwalo la Apilo lidayankha kuti malinga ndi gawo 176 la lamulo loyendetsera milandu ya upandu ndi umboni, dandaulo lotere sililetsa kuti mauwo alandiridwe. A jury ndiwo adzaone okha ngati ngoona kapena ai. Ndifuna kuwonetsa kuti yankho limeneli, ngakhale likutsata zilembo za lamulo, likupatsa mau a womangidwa kulemera kumene alibe, makamaka pa milandu yakupha imene yasoŵa mboni.

Zimene lamulo likunena

Gawo 176 lili ndi mfundo zitatu zazikulu. Yoyamba njakuti mau ovomera mlandu alandiridwe ndi bwalo, ngakhale wozengedwa mlandu anene kuti sadaŵanene ndi iye, kapena kuti sadaŵanene mwaufulu. Yachiŵiri njakuti mau a munthu mmodzi sangakhale umboni wotsutsa mnzake, pokhapokha mnzakeyo ataŵavomera kuti ndi akenso. Yachitatu njakuti bwalo liŵerengere mauwo pokhapokha litakhutira, popanda chikayiko chomveka, kuti adaŵanena ndi iyeyo ndiponso kuti zimene zili m'katimo nzoona. Likapanda kukhutira, liŵataye kotheratu.

Tiyenera kuvomera kuti mfundo yachiŵiri ndi yachitatu nzanzeru. Makolo adanena kuti khoswe wa padenga adaulula wa padzala, koma lamulo likudziŵa kuti khoswe wopanikizika atha kutchula mnzake amene sadafike nkomwe padzalapo. Vuto lili pa mfundo yoyamba. Lamulo likufunsa mafunso aŵiri: kodi adanena ndi iyeyu, ndipo kodi nzoona? Funso lachitatu, lakuti mauwo adatuluka bwanji, laleka kukhala chipata chimene mau ayenera kudzerapo asanafike kwa oweruza. Langosanduka chimodzi mwa zinthu zoti aziganizireko poyesa mauwo ataŵamva kale.

Pofuna kudziŵa ngati mau ngoona, mabwalo athu amafunafuna zizindikiro zakunja. Njira imeneyi idachokera ku England, pa mlandu wa Sykes wa mu 1913, ndipo oweruza a kuno adaitenga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Amafunsa kuti: kodi pali china kunja kwa mauwo choŵachitira umboni? Kodi munthuyo anali ndi mpata wochita zimene akunenazo? Kodi nzotheka? Kodi zikugwirizana ndi zina zimene zapezeka? Mafunso ameneŵa ngabwino, koma tisaiŵale kumene adabadwira. Ku England, kuyambira pa mlandu wa Warickshall wa mu 1783, mau otuluka chifukwa cha kuwopsezedwa kapena kulonjezedwa kanthu sankaŵerengeredwa. Tsono mafunso a Sykes adapangidwira mau amene adzera kale pa chipata cha ufulu. Ife tidatenga sikelo, chipata nkuchisiya.

Pamene zizindikiro zimanyenga

Tiyeni tiganize za m'mene sitetimenti imalembedwera. Wapolisi amene akufunsa ndi yemwe uja adapita kukaona mtembo. Akudziŵa kale malo, tsiku, mabala, ndi ziwalo zimene zidachotsedwa. Womangidwa amayankhula Chicheŵa, mwina Chilomwe kapena Chiyao monga zilili ku Chiradzulu, koma cholembera chili m'manja mwa wofunsayo. Pamapeto pake munthu wosadziŵa kuŵerenga amadinda chala pa pepala limene sangathe kuliyesa. Ngati tsono munthu wotere wamenyedwa mpaka kuvomera zimene akuuzidwa, mau ake adzagwirizana ndithu ndi zonse zimene zidapezeka, pakuti gwero lake ndi limodzi. Woweruza adzafunafuna zizindikiro ndipo adzazipeza zochuluka, osadziŵa kuti akumva mau a wapolisi kaŵiri, koyamba m'kamwa mwa wapolisiyo, kachiŵiri m'kamwa mwa womangidwa. Buku la Deuteronomo, mutu 19, limafuna mboni ziŵiri kapena zitatu pa mlandu. Mboni imodzi yovala malaya aŵiri sikwaniritsa lamulo limenelo.

Chizindikiro chokhacho chimene chili ndi mphamvu yeniyeni nchakuti mauwo aulule chinthu chimene ofufuza sankachidziŵa, nkukachipeza pomwe wanenapo: mpeni wokwiriridwa, chovala chobisidwa, mtembo umene unali usanaoneke. Zina zonse zitha kuikidwa m'kamwa mwa munthu. Nchifukwa chake funso lakuti mau adatuluka bwanji silingalekanitsidwe ndi funso lakuti ngoona. Amene sadziŵa m'mene mau adatulukira sangathe kuyesa choonadi chake.

Palinso china. A jury ndi anthu a m'dziko lomwelo limene lakhala mwamantha. Akamva munthu akufotokoza m'mau otchedwa akeake m'mene adaphera mai, nkovuta kuti mitima yao ibwererenso pamene inali, ngakhale woweruza aŵachenjeze chotani. Nzeru ya chipata chija inali yakuti woweruza ayambe wafufuza yekha za kumenyedwako, a jury atatuluka, kuti mau oipitsidwa asafike nkomwe m'makutu mwao.

Phunziro la ku Chilobwe

Dziko lathu lidalaŵapo kale zotere. Kuyambira mu Sepitembala 1968 mpaka mu Malichi 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zao m'madera a mzinda wa Blantyre, ndipo imfazo zidadziŵika ndi dzina la Chilobwe. Popeza kuti wakupha sankapezeka, mphekesera zidafala zakuti boma lomwe ndilo likutenga magazi a anthu kukabwezera ngongole ku South Africa. Mu 1969 anthu asanu adazengedwa mlandu ku Bwalo Lalikulu pa imodzi mwa imfazo, koma adamasulidwa chifukwa umboni unali wopereŵera. Dr. Banda adakwiya, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idapatsa makhoti a mafumu mphamvu yozenga milandu yakupha ndi kulamula kuti munthu anyongedwe. Oweruza achizungu a ku Bwalo Lalikulu adatula pansi udindo. M'makhoti a mafumuwo wozengedwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya.

Mu Malichi 1970 adamangidwa Walla Laini Kawisa. Iyeyu adavomera mlandu kangapo, ndipo mau ake sankafanana nthaŵi zonse. Adazengedwa ku khoti la mafumu la chigawo cha Kummwera, nalamulidwa kuti anyongedwe. Paul Brietzke, katswiri wa malamulo, adalemba za mlanduwu mu 1974. Kawisa adavomera zina mwa imfazo, osati zonse, ndipo anthu ambiri sadakhulupirire kuti munthu mmodzi akadatha kuchita zonsezo yekha. Nkutheka ndithu kuti anali wolakwa. Koma taonani chimene kuvomera kwake kudachita: kudatseka nkhani, osaimasulira. Mabanja ambiri a ku Blantyre sadamve konse bwalo likutchula amene adapha mbale wao.

Apa ndiye pagona mfundo yanga. Pamene imfa zachuluka ndipo mboni palibe, anthu amakakamiza boma, boma limakakamiza apolisi, apolisi nkukakamiza amene ali m'manja mwao. Ndiye kuti nthaŵi imene mau ovomera mlandu akufunidwa koposa ndi nthaŵi yomweyo imene ayenera kukayikiridwa koposa. Ku London Timothy Evans adavomera kupolisi kuti adapha mkazi wake ndi mwana wake, pambuyo pake nkukana, koma adanyongedwa mu 1950. Mu 1953 kudadziŵika kuti John Christie, wokhala m'nyumba yomweyo, yemwenso anali mboni pa mlandu wa Evans, ndiye ankapha akazi. Evans atanyongedwa, Christie adaphanso akazi anai. Chikhululuko cha boma chidamfika Evans mu 1966 ali m'manda. Mau onama ovomera mlandu amalanga wosalakwa, komanso amapatsa wakupha weniweni mtendere wopitirizira ntchito yake.

Zimene akale adaona

Nkhaniyi si yachilendo. Buku lachiŵiri la Samuele, mutu 1, limasimba za Mwamaleke amene adadza kwa Davide nkunena kuti ndiye adatsiriza Saulo pa phiri la Gilibowa. Davide adalamula kuti aphedwe chifukwa cha mau ake omwewo, popanda mboni ina. Komatu mutu wotsiriza wa buku loyamba la Samuele umati Saulo adadzigwetsera yekha pa lupanga lake. Omasulira Malembo ambiri amaganiza kuti Mwamalekeyo adanama poyembekeza mphotho. Ngati munthu atha kudzinamizira mlandu wakupha popanda womkhudza ndi chala chomwe, nanji amene wakhala masiku osagona, akumenyedwa? Aphunzitsi a Chiyuda adafika pokana kuti munthu aphedwe chifukwa cha kuvomera kwa iye mwini, ndipo Maimonides adapereka chifukwa chakuti alipo anthu osokonezeka mtima amene angadzinenere zabodza pofuna imfa.

Aroma ankazunza anthu pofunsa milandu, komabe katswiri wao wa malamulo, Ulpian, adachenjeza kuti njirayo njosadalirika, chifukwa olimba thupi amapirira osaulula, pamene ofooka amanena chilichonse kuti ululu uleke. Augustine Woyera, m'buku la 19 la Mzinda wa Mulungu, adalira tsoka la woweruza amene amazunza munthu pofuna kupewa kupha wosalakwa, kenaka nkupha wosalakwa yemweyo atamzunza kale. Mu 866 Papa Nicholas I adalembera anthu a ku Bulgaria kuti kuvomera mlandu kuyenera kuchokera mu ufulu, osati m'zikoti.

Sitingabise kuti Mpingo womwe udaiŵala phunziro limeneli. Mu 1252 Papa Innocent IV adalola kuti oganiziridwa za kupotoza chikhulupiriro azizunzidwa pofunsidwa, ndipo akatswiri a malamulo a nthaŵi zimenezo ankayesa kuvomera kwa munthu mwini ngati mfumukazi ya maumboni onse. Zotsatira zake adaziwona ndi maso Friedrich Spee, wansembe wa chipani cha Ajezuiti ku Germany, amene ankathandiza pa zauzimu anthu ogamulidwa kuti ndi mfiti. Mu 1631 adatulutsa buku lotchedwa Cautio Criminalis, momwe adaonetsa kuti chizunzo ndicho chinkabala mfitizo: wozunzidwa ankavomera, nkutchula ena, enawo nkuzunzidwa, nkutchulanso ena. Ifenso kuno tikudziŵa za mwabvi, umene boma la atsamunda lidauletsa mu 1911. Mwabvi ndi chikoti cha m'chitokosi nzapachibale, pakuti zonse ziŵiri zimayesa kulimba kwa thupi nkumati zayesa choonadi.

Kuulula kwa pa Sakramenti ndi kuvomera kwa kupolisi

Ena angafunse kuti: nanga inu ansembe, simukhulupirira munthu pa mau ake okha pamene akulapa? Inde timatero. Koma tiwone chifukwa chake. Wolapa amabwera yekha, wosagwidwa ndi munthu. Palibe chimene angapindule ponama, palibenso chilango cha pansi pano chimene akuthaŵa, pakuti chinsinsi cha kulapa, chimene Msonkhano wachinai wa ku Lateran udachikhwimitsa mu 1215 ndipo chili pa nambala 983 ya Malamulo a Mpingo a mu 1983, sichilola wansembe kuulula kanthu kwa wina aliyense, ngakhale kwa bwalo la milandu. Zinthu zonse zimene zimapatsa mau a wolapa mphamvu, ndiye kuti ufulu, kusoŵa kwa mantha ndi kusoŵa kwa phindu, nzomwe zimasoŵa m'chipinda chofunsira milandu.

Nchifukwa chake Mpingo, utaphunzira pa zolakwa zake, sukhulupirira msanga mau otere m'mabwalo ake. Nambala 1536 imati pa milandu yokhudza ubwino wa anthu onse, kuvomera kwa munthu sikungakhale umboni wathunthu pokhapokha pali zina zokuchirikiza kotheratu. Nambala 1538 imati mau otuluka chifukwa cha kukakamizidwa kapena mantha aakulu alibe mphamvu iliyonse. Nambala 1728 imati woimbidwa mlandu sakakamizidwa kuvomera, ndipo asamlumbiritse. Sindikunena kuti boma litsate malamulo a Mpingo. Ndikungoti amene adapsapo ndi moto umenewu ali ndi kanthu koti auze anzake.

Mau otsutsa

Alipo amene anganene kuti: dziko lathu ndi losauka, apolisi alibe zipangizo zoyesera magazi ndi zina zotere, ndipo tikataya mau ovomera mlandu, zigaŵenga zidzayenda mwaufulu. Adzawonjeza kuti womangidwa aliyense amati adamenyedwa, ngakhale amene sadakhudzidwe. Mau ameneŵa ngolemera, ndipo amene adaika m'manda mai wake kapena mlongo wake ku Chiradzulu mu 2000 ali ndi ufulu woŵanena.

Yankho langa lili paŵiri. Poyamba, palibe amene akuti mau onse ovomera mlandu atayidwe. Munthu atha kuvomera moona chifukwa chikumbumtima chamuvuta, ndipo mau otere ngamtengo wapatali. Chimene tikufuna nchakuti pakhale njira yosiyanitsira mau aufulu ndi mau okakamizidwa, oweruza asanaŵamve. Kachiŵiri, lamulo lolandira mau alionse limaphunzitsa ofufuza ulesi, chifukwa kumenya nkwapafupi kuposa kufufuza. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wa zaka 14 wa khungu la chialubino adabedwa ku Dedza. Mmodzi mwa oganiziridwa adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo dokotala woyesa mtembo adapeza kuti adafa ndi mphamvu ya magetsi. Ngati munthuyo ankadziŵa kanthu za mnyamatayo, adapita nazo kumanda. Chizunzo sichidathandize banja la mwanayo mpang'ono pomwe.

Tiwonjeze kuti gawo 176 silikhala bwino pamodzi ndi Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994. Gawo 19 la malamulowo limaletsa kuzunza munthu, ndipo gawo 42 limati womangidwa asakakamizidwe kuvomera kanthu kamene kangadzakhale umboni womtsutsa. Malamulo ameneŵa adabadwa m'zoŵaŵa za anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, zimene Aepiskopi athu adazitchula poyera m'kalata yao ya pa 8 Malichi 1992. Mu 1997, pa mlandu wa Chinthiti, woweruza wa ku Bwalo Lalikulu adaona kuti kulandira mau okakamizidwa nkosemphana ndi Malamulo a dziko, koma chigamulo cha 2001 chidatsata njira ina. Kuwonjeza apo, mu 1996 Malaŵi adaloŵa m'pangano la United Nations loletsa chizunzo, limene gawo lake 15 limati mau opezeka mwa chizunzo asakhale umboni pa mlandu uliwonse, ndipo mu 2022 komiti yoyang'anira panganolo idadandaula za gawo 176 lomweli. Kodi ufulu wosakakamizidwa kuvomera uli ndi tanthauzo lanji, ngati zipatso za kukakamizako zilandiridwa ndi bwalo?

Zoyenera kuchita

Njira zake zilipo, ndipo si zonse zofuna ndalama zambiri. Choyamba, wozengedwa mlandu akanena kuti adazunzidwa, woweruza ayambe wafufuza nkhaniyo payokha, ndipo udindo wotsimikiza kuti mau adatuluka mwaufulu ukhale pa boma, pakuti boma ndilo linali ndi makiyi a chitokosi. Umu ndi m'mene amachitira anzathu a ku Zambia, ndipo lamulo la ku England la mu 1984 limanena zomwezo. Chachiŵiri, pa mlandu wakupha munthu asafunsidwe popanda loya kapena munthu wina wosakhala wapolisi, ndipo kufunsako kujambulidwe kuyambira poyamba mpaka potsiriza. Lero foni ya m'manja itha kugwira ntchito imeneyi. Chachitatu, munthu asapezeke wolakwa pa mlandu wakupha chifukwa cha mau ake okha, ndipo poyesa zizindikiro bwalo lizifunsa ngati chizindikirocho apolisi ankachidziŵa kale kapena ai. Chachinai, munthu akavomera imfa zitatu mwa khumi, zisanu ndi ziŵiri zotsalazo zisatsekedwe pa dzina lake. Zikhale zotsekula mpaka umboni wake utapezeka, pakuti mlandu suwola.

Inu amene mukukonzekera unsembe mudzatumikira ku Nguludi, ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo, ndipo tsiku lina imfa yoopsa idzagwa m'parishi mwanu. Anthu adzabwera kudzakuuzani mokondwa kuti wakupha wagwidwa ndipo wavomera. Mudzaŵatonthoze ofedwawo ndi mtima wonse, koma musadzafulumire kunena kuti nkhani yatha. Mudzapite kundende kukamuwona womangidwayo, mudzaone thupi lake, mudzafunse ngati ali ndi womuimira. Potero simudzakhala mukunyoza womwalirayo, chifukwa chimene iye ndi abale ake ayenera kulandira ndi dzina la amene adamuphadi, lotsimikizidwa ndi umboni umene ungathe kuima wokha ngakhale womangidwayo atakhala chete.